Kalata ya abusa kwa akhristu onse pa nkhani ya malire a minda

Okondedwa mwa Ambuye, amayi ndi abambo, achinyamata ndi akulu a mpingo m'miraga yonse,

Mtendere wa Ambuye wathu Yesu Khristu ukhale nanu.

Mvula isanagwe n'komwe, milandu ya malire yabuka kale pakati pathu, makamaka kwa amene mumalima m'mbali mwa Likangala ndi kumadambo olowera ku Chilwa, kumene madzi akasefukira amafafaniza mizere. Pali mabanja opemphera tchalitchi chimodzi amene sapatsananso moni, ndipo ana awo aletsedwa kuseweretsana. Mtima wanga ukuwawa. "Zichokera kuti nkhondo, zichokera kuti zolimbana mwa inu?" (Yakobo 4:1).

Tchimo limene ndikulidzudzula ndi kukana kugonja. Ambiri mukupemphera ndithu, ena mukusala ndi kudya komwe, koma pemphero lake ndi loti Mulungu achititse mnzanu manyazi. Kumeneko si kudzipereka. Mwagamula kale mlandu mumtima, ndipo mukungofuna Mulungu adindepo chidindo. N'chifukwa chake mukudzuka pa maondo mkwiyo uli pomwepo, tulo osabwera. Wodzipereka amanena kuti, "Ambuye, munda ndi wanu, mlandu ndi wanu, ngakhale mizere iwiri ipite kwa mbale wanga." Abramu anali wamkulu, komabe anamlola Loti kuyamba kusankha dziko. Inu mizere iwiri ya chimanga yakukulirani kuposa mbale amene Khristu anamufera? "Kubwezera kuli kwanga, Ine ndidzabwezera, ati Ambuye" (Aroma 12:19).

Njira yake Ambuye anaiika pa Mateyu 18:15-17, ndipo tiitsate osadumpha. Yambani mwapita nokha kwa mnzanuyo, m'mawa, kunyumba kwake osati kumunda, m'manja mulibe khasu kapena chikwanje. Musatume mwana, musalembe pa gulu la WhatsApp. Kambani za malire okha. Nkhani zambiri zimaonongeka apa, munthu akayamba kufukula za mbuzi ya chaka chatha ndi mawu amene ananenedwa pa maliro. Zikakanika, tengani mkulu wa mpingo mmodzi kapena awiri, ndipo eni mbumba a mbali zonse adziwe, pakuti kuno munda ndi wa mbumba. Mkamwini akagwirizana yekha, alongo a mayi adzaphwasula mawa lake. Yendani malirewo limodzi ndi achikulire amene anaona munda ukugawidwa, ndipo mukagwirizana bzalani nkhadze, khonje kapena vetiva tsiku lomwelo onse akuona, kenaka mukadziwitse a nyakwawa. Mgwirizano wa pakamwa pokha umatha ndi mvula yoyamba. Pamene nkhani ili mkati, wina asazule mbewu za mnzake, ndipo mkhristu asakwirire mankhwala m'malire.

Mgonero wa Ambuye uli Lamulungu loyamba la mwezi wamawa. "Usiye pomwepo mtulo wako kuguwako, nuchoke, nuyambe kuyanjana ndi mbale wako" (Mateyu 5:24). Aliyense amene ali ndi mlandu wotere akaonane ndi mkulu wa mpingo wa dera lake lisanafike Lachisanu. Akulu a mpingo tidzakumana Loweruka 9 koloko m'mawa kuti timve mbali zonse, banja limodzilimodzi.

Komanso denga la chipinda cha Sande sukulu likudontha. Banja lililonse lipereke K2,000 kwa msungichuma wa mlaga wake pofika Lamulungu likudzali, tigule malata ndi misomali mvula isanalimbe. Amisiri amene muli mumpingo mudzabwere ndi zida zanu.

Ine mbusa wanu mwa Khristu,
Zomba