Kalata kwa makolo potseka teremu yoyamba

Okondedwa makolo ndi onse osunga ana athu,

Landirani moni kuchokera kwa aphunzitsi tonse. Tatseka bwino ndipo malipoti ali m'manja mwa ana. Koma pali nkhani imene yandisowetsa tulo, ndipo sindingakubisireni inu eni ana.

Mukudziwa kuti tili ndi kalabu ya Scrabble, sewero loyala zilembo pabolodi kuti zipange mawu a Chingerezi. Tidaiyambitsa chifukwa mwana akalakwa Chingerezi pa mayeso a MSCE, satifiketi saiona, ngakhale masamu atakhoza chotani. Mabolodi ndi madikishonale mudagula ndinu, kudzera ku komiti ya makolo ndi aphunzitsi.

Chakumapeto kwa teremu, aphunzitsi oyang'anira laibulale adandibweretsera dikishonale ina ku ofesi. Nditatsegula, ndidapeza masamba a Q, X ndi Z atadulidwa ndi lezala mpaka mumsoko. Ina chimodzimodzi. Tidakhuthulira patebulo kathumba ka zilembo, kamene kamakhala ndi zilembo 100, ndipo tidawerenga 94 zokha. Zidasowa Q ndi Z za mapointi 10, J ndi X za mapointi 8, komanso ziwiri zosalembedwa zija zimene zimalowa m'malo mwa chilembo chilichonse. Titafufuza, tidapeza kuti anyamata ena a Fomu 3 ankabisa zilembozi m'masokosi n'kumabetcherana ndalama kuseri kwa holo. Makolo anzanga, imeneyo ndi juga, ndipo pasukulu pano sitiilola. Ndalama yake ndi yomweyo imene mumawapatsa ya mandasi.

Chandipweteka koposa ndi ichi. Ndidaitana mmodzi wa iwo, ndipo adandilakatulira mawu osapumira: qi, xi, quay, zeal. Nditafunsa matanthauzo, adangoyang'ana pansi. Sadadziwe kuti xi ndi chilembo cha Chigiriki, kuti zeal ndi changu, kapena kuti quay ndi pamene sitima ngati Ilala imakocheza potsitsa anthu ndi katundu, ndiponso kuti amatchulidwa mofanana ndi key. Tsamba adaba, koma tanthauzo limene lidali pa tsamba lomwelo sadaliwerenge. Ana amakonda kunditchulira Wellington Jighere wa ku Nigeria, amene mu 2015 adakhala munthu woyamba wa mu Africa kupambana mpikisano wa Scrabble wa dziko lonse. Inenso ndimamunyadira. Koma wochonga mayeso a MANEB sawerenga mapointi, amafuna chiganizo chomveka. Choncho kuyambira teremu ikubwerayi, m'kalabu yathu mawu amene mwana sangawatanthauzire sadzawerengedwa.

Makolo a anyamata okhudzidwawo talemberani kalata yapadera, ndipo mudzabwere nawo tsiku lotsegulira kuti tidzakambirane za kubweza mabuku. Mnyamata amene adzabwere yekha adzabwezedwa pageti. Enanu chonde tithandizeni. Yang'anani m'zikwama ndi m'makope, ndipo mukapeza kachilembo kapena tsamba lodulidwa, tumizani, mwanayo sitidzamulanga. Patchuthi pano, madzulo mukatha kudya, mufunseni mwana mawu amodzi amene waphunzira, awamasulire m'Chichewa, apangenso chiganizo. Ngakhale inu musadziwe Chingerezi, mwana amene akungolota mudzamumva ndithu.

Zabwino zidaliponso. Atsikana a netibolo adasewera mokondweretsa, kwaya idatiimirira bwino, a kalabu ya zachilengedwe afesa mitengo yoti tidzabzale ndi mvula ino, ndipo a Fomu 4 sadajombe pa maphunziro a Loweruka. Tikuwayamikira onsewa pamodzi ndi aphunzitsi awo.

Sukulu idzatsegulidwa mu Januwale pa tsiku limene Unduna wa Zamaphunziro udaika, monga talembera pa lipoti. Msonkhano wa makolo udzakhala Loweruka la sabata yoyamba, 9 koloko m'mawa. Ana adzabwere ndi yunifolomu yonse, tsitsi lometa. Ndikufunirani Khirisimasi yabwino ndi chaka chatsopano cha mtendere.

Ine wanu,
Mphunzitsi wamkulu