Kalata kwa mdzukulu wanga wobadwa pa 24 Juni

Wokondedwa mdzukulu wanga,

Ndikhulupirira kuti uli bwino pamodzi ndi amayi ako ndi abambo ako. Kalata yako ndinailandira, ndipo ndaiwerenga kangapo konse chifukwa ndi yoyamba imene walemba wekha popanda wina wokugwira dzanja. Mwa zonse zimene unandiuza, dandaulo limodzi ndi limene landikhala pamtima. Unati unayang'ana pa kalendala ya m'kalasi mwanu ndipo unapeza kuti masiku ena ndi olembedwa mofiira, koma tsiku lako lobadwa, la 24 Juni, ndi lakuda ngati tsiku wamba, choncho unafunsa ngati palibe chachikulu chilichonse chimene chinachitikapo pa tsikulo. Ndafuna kukuyankha modekha, chifukwa kalendala imodzi yapakhoma singathe kusenza zonse zimene anthu a m'mayiko osiyanasiyana amakumbukira. Mawu ena akakuvuta, uwapemphe amayi ako kuti akuthandize kuwerenga.

Nkhani ya tsiku lako imayambira pa dzuwa. Dziko lapansi likamazungulira dzuwa siliima chilili, koma limakhala lopendekeka ndi madigiri pafupifupi 23 ndi theka, ndipo kupendekekaku ndi kumene kumabweretsa nyengo. M'mwezi wa Juni mbali ya kumpoto ya dziko ndi imene imaweramira kudzuwa, motero kumeneko kumatentha ndipo usana umatalika, pamene mbali ya kumwera imakhala m'chisanu ndipo kumada msanga. Usana wautali koposa kumpotoko umafika pa 20 kapena pa 21 Juni. Mumzinda wa Tromsø m'dziko la Norway, dzuwa limatha pafupifupi miyezi iwiri osalowa n'komwe, kotero kuti mwana amapita kukagona kunja kukuwala ngati masana, ndipo makolo amachita kutchinga mawindo ndi nsalu zochindikala kuti tulo tibwere.

Mwina ufunsa kuti nanga n'chifukwa chiyani anthu a ku Ulaya amatchula 24 Juni kuti ndilo tsiku la pakati pa chilimwe, pamene usana wautali umakhala utadutsa kale. Yankho lake lili kwa Aroma akale, amene pa kalendala yawo ankawerengera kuti dzuwa limafika pachimake pa 24 Juni ndipo limatsika kotheratu pa 25 Disembala. Iwo ankawerenga masiku chobwerera m'mbuyo kuchokera pa tsiku loyamba la mwezi wotsatira, ndipo mwa kawerengedwe kameneko masiku awiriwa anali ndi dzina lofanana, lakuti tsiku lachisanu ndi chitatu mwezi watsopano usanayambe. Kusiyana kwa 24 ndi 25 kunabwera chifukwa chakuti Juni ali ndi masiku 30 pamene Disembala ali ndi masiku 31. Utenge kalendala ija uwerenge ndi chala chako, kuyambira pa 1 Julayi kubwerera m'mbuyo mpaka ufike pa 8, ndipo uona pamene chala chako chiti chiime.

Akhristu atasankha 25 Disembala kukhala tsiku lokumbukira kubadwa kwa Yesu, anaika kubadwa kwa Yohane Mbatizi pa 24 Juni, chifukwa Uthenga Wabwino wa Luka umanena kuti Elizabeti, mayi ake a Yohane, anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi umodzi pamene mngelo Gabrieli anafika kwa Mariya. Nkhani ya kubadwa kwa Yohane ndimaikonda kwambiri. Bambo ake, wansembe Zekariya, anali wokalamba, ndipo atakayikira uthenga wa mngelo anatsekeka pakamwa kwa miyezi yonse imene mwanayo anali m'mimba. Pa tsiku lopatsa mwana dzina, achibale anafuna kumutcha Zekariya potengera bambo ake, koma mkulu uja anapempha cholembapo nalemba kuti dzina la mwanayo ndi Yohane, ndipo nthawi yomweyo lilime lake linamasuka. Dziwanso kuti anthu oyera ambiri Mpingo umawakumbukira pa tsiku limene anamwalira, koma Yohane ndi mmodzi wa ochepa kwambiri amene kubadwa kwawo kuli ndi chikondwerero chakechake. Aphunzitsi akale a Mpingo anaona chinthu chokongola apa: Yohane ananena kuti Yesu ayenera kukula ndipo iye achepe, ndipo kumpoto kuja usana umayamba kufupika pambuyo pa tsiku la Yohane, n'kuyambanso kutalika pambuyo pa Khirisimasi.

Chizindikiro chachikulu cha tsikuli ku Ulaya ndi moto. Madzulo a pa 23 Juni anthu amasonkha zimoto pamwamba pa zitunda ndi m'mphepete mwa nyanja, ndipo ku Ålesund m'dziko la Norway achinyamata amasanja matabwa ndi manja mpaka kupanga nsanja imene nthawi zina imapitirira mamita 40, kenaka n'kuiyatsa. Koma kumene ndikanakonda kuti udzaone ndi maso ako ndi ku Latvia, kumene 23 ndi 24 Juni ndi masiku a tchuthi ndipo chikondwererocho amachitcha Jāņi. Anthu amachoka m'mizinda n'kupita kumidzi. Amayi ndi atsikana amaluka nkhata za maluwa a m'tchire n'kuvala kumutu, pamene amuna, makamaka amene dzina lawo ndi Jānis, lomwe ndi Yohane m'chilankhulo chawo, amavala nkhata zikuluzikulu za masamba a thundu. Amadya tchizi chimene amachikonzera tsikulo, amaimba nyimbo zakale zimene mzere uliwonse umathera ndi mawu akuti “līgo”, ndipo sagona mpaka dzuwa litatuluka. Ali ndi nthano yakuti usiku umenewo wokha, chomera china cha m'nkhalango cha masamba onga nthenga chimachita duwa, ndipo wolipeza amakhala ndi mwayi. Zoona zake n'zakuti chomeracho sichichita maluwa, koma nthanoyo ndimailemekeza chifukwa imatulutsa anthu m'nyumba kuti akaone nkhalango pa usiku waufupi kwambiriwo. Ku Sweden ana amavina mozungulira mtengo wokutidwa ndi masamba, ngakhale kuti kuyambira 1953 tsikulo analisunthira pa Loweruka la pakati pa 20 ndi 26 Juni, ndipo ku Quebec m'dziko la Canada, 24 Juni ndi tsiku la mtundu wawo wonse kuyambira 1977.

Usaganize kuti tsikuli ndi la kumpoto kokha. Mumzinda wa Cusco ku Peru, umene uli pamwamba pa mapiri a Andes, mamita pafupifupi 3,400 kuchokera pa nyanja, pa 24 Juni pamachitika Inti Raymi, kutanthauza chikondwerero cha dzuwa. Kumeneko Juni ndi mwezi wozizira, ndipo Ainka, anthu amene kale ankalamulira deralo, ankasonkhana kupempha dzuwa kuti libwerere, popeza linkaoneka kuti lawatalikira. Atsamunda a ku Spain analetsa mwambowu, koma mu 1944 anthu a ku Cusco anauyambitsanso ngati sewero lalikulu, limene mpaka lero limachitikira pakati pa miyala ikuluikulu ya ku Sacsayhuamán. Taona tsono: pa tsiku lomwelo, ena akusangalala kuti dzuwa lakhalitsa, ena akulipempha kuti lisawasiye.

Palinso zochitika za m'mbiri zimene zinagwera pa tsiku lako, ndipo zambiri mwa izo ndi za nkhondo, zimene sindifuna kukhalitsapo. Pa 24 Juni 1314 asilikali a ku Scotland, motsogozedwa ndi Robert the Bruce, anagonjetsa mfumu Edward II ya ku England pa Bannockburn. Tsikulo silinangochitika mwangozi, chifukwa panali pangano lakuti linga la Stirling liperekedwa kwa anthu a ku Scotland ngati thandizo lochokera ku England silifika pokwana tsiku la pakati pa chilimwe. Pa 24 Juni 1497 John Cabot anafika ku gombe la North America pa sitima yotchedwa Matthew, imene inanyamuka ku Bristol. Pa 24 Juni 1821 Simón Bolívar anapambana nkhondo ya ku Carabobo, ndipo dziko la Venezuela limakumbukira tsikuli chaka chilichonse ngati limene linatsegula njira ya ufulu wawo.

Koma pali nkhondo imodzi imene ndiyenera kukusimbira bwinobwino, osati chifukwa cha amene anapambana, koma chifukwa cha zimene zinachitika mfuti zitaleka kulira. Pa 24 Juni 1859, pafupi ndi mudzi wa Solferino kumpoto kwa Italy, asilikali a France ndi Sardinia anakumana ndi asilikali a Austria. Onse pamodzi analipo pafupifupi 300,000, ndipo anamenyana kuyambira m'bandakucha mpaka madzulo, kunja kukutentha kwambiri, kufikira pamene chimvula champhepo chinagwa. Pofika usiku, anthu pafupifupi 40,000 anali atafa kapena kuvulala. Madokotala anali ochepa kwambiri, ngolo zonyamulira ovulala zinali zosakwanira, ndipo anyamata ambiri anagona m'minda akulira ndi ludzu popanda wowapatsa ngakhale dontho la madzi.

Madzulo a tsiku lomwelo kunafika munthu wina wamalonda wochokera ku Geneva m'dziko la Switzerland, dzina lake Henry Dunant, wa zaka 31. Iye sanali msilikali ndiponso sanali dokotala. Anabwera kudzafuna mfumu Napoleon III ya ku France kuti akambirane nayo za malonda ake a ku Algeria amene sankayenda bwino. Mtauni yapafupi ya Castiglione anapeza ovulala atadzaza m'misewu, m'nyumba ndi m'matchalitchi, ndipo m'tchalitchi chachikulu, chotchedwa Chiesa Maggiore, anthu mazanamazana anali atawagoneka pa udzu wouma, mothithikana kotero kuti podutsa pankavuta. Dunant anaiwala za malonda ake. Anasonkhanitsa amayi ndi atsikana a mtaunimo, natuma anyamata kukatunga madzi, nagula nsalu ndi zina zofunika ndi ndalama zake. Amayiwo ankayenda kuchoka kwa wina kupita kwa wina, kunyowetsa milomo youma, kutsuka mabala ndi kumanga mabandeji, ndipo Dunant ankagwada pambali pa amene anali pafupi kutsirizika n'kuwalembera mawu omaliza oti akafike kwa makolo awo.

Chimene chimandigwetsa misozi nthawi zonse ndikafika apa ndi ichi. Pakati pa ovulalawo panali asilikali a Austria, amene kwa anthu a mtaunimo anali adani. Zikanakhala zosavuta kuwalumpha n'kumwetsa okhawo a mbali yawo, ndipo palibe akanawadzudzula. Koma amayi a ku Castiglione, poona kuti Dunant sakusankha, ankamwetsa aliyense uku akunena m'chilankhulo chawo kuti “tutti fratelli”, kutanthauza kuti onse ndi abale. Maina a amayi ambiri mwa iwo sanalembedwe m'mabuku a sukulu, koma kwa ine ndi iwo amene anachita chinthu chachikulu koposa pa masiku amenewo, kuposa mafumu atatu amene anali ndi asilikali awo ku Solferino.

Dunant atabwerera kwawo sanapeze mtendere mumtima. Mu 1862 anasindikiza buku lofotokoza zimene anaona, ndipo m'menemo anapempha zinthu ziwiri: kuti m'dziko lililonse mukhale gulu la anthu odzipereka lophunzitsidwa kusamalira ovulala nkhondo isanabwere, ndiponso kuti mayiko agwirizane kuti ovulala ndi owasamalira asamaphedwe. Mu 1863 iye ndi anzake anayi anakhazikitsa komiti ku Geneva, imene inadzakhala chiyambi cha bungwe la Red Cross, ndipo pa 22 Ogasiti 1864 mayiko 12 anasaina pangano loyamba la ku Geneva. Chizindikiro chimene anasankha ndi mtanda wofiira pa nsalu yoyera, chomwe ndi mbendera ya Switzerland itatembenuzidwa mitundu, ndipo pambuyo pake mayiko ena anayamba kugwiritsa ntchito kachigawo kofiira ka mwezi. Dunant mwiniyo malonda ake anagwa mu 1867, anasauka kwambiri ndipo anaiwalika kwa zaka zambiri, mpaka pamene mtolankhani wina anamupeza akukhala m'kachipinda ka m'chipatala ku Heiden. Mu 1901 anapatsidwa mphoto yoyamba ya mtendere ya Nobel pamodzi ndi Frédéric Passy wa ku France, ndipo anamwalira mu 1910.

Masiku ano, chakumapeto kwa Juni chaka chilichonse, anthu odzipereka a Red Cross ochokera m'mayiko ambiri amasonkhana ku Solferino. Dzuwa likamalowa amayatsa miuni n'kuyenda wapansi makilomita angapo mpaka ku Castiglione, kutsata njira imene ovulala aja ananyamulidwira, ndipo amene waima pachitunda amaona mzere wautali wa timoto ukukhotakhota m'minda mumdima. Ambiri mwa oyendawo ndi achinyamata, ena ongokuposa iweyo ndi zaka zochepa.

Ndikadzabwera kudzakuona ndidzatenga lalanje, kamtengo kosongola ndi nyali. Tidzabaya lalanjelo ndi kamtengoko, tidzalipendeketsa pang'ono n'kulizunguliza nyali m'chipinda chamdima, kuti udzaone wekha mbali imene kuwala sikuchokako pa tsiku lako lobadwa ndi mbali imene imakhala mumthunzi. Pakadali pano utenge pensulo yofiira, upemphe chilolezo kwa aphunzitsi ako, uzungulize 24 Juni pa kalendala ija, ndipo anzako akakufunsa chifukwa chake uwasimbire za amayi a ku Castiglione. Undiperekere moni kwa amayi ako ndi abambo ako, ndipo undilemberenso kundiuza pamene chala chako chinaima utawerenga masiku aja chobwerera m'mbuyo.

Ndine agogo ako okukonda.