Alamu akugulitsa nyama ya chigodola, ndikawanene?

Aphungu,

Ndine mayi wa ana anayi, ndili pachitengwa m'mudzi wina kuno ku Mchinji. Ndalembera inu chifukwa nkhaniyi sindingaikambe ndi munthu wa m'mudzi muno, aliyense ndi mbale wa amuna anga.

Chaka chatha ndinatenga ngongole ku banki m'khonde n'kugula tiana ta nkhumba titatu ta mtundu wa Large White. Pano m'khola muli nkhumba 9, imodzi ili ndi bere. Fizi ya mwana wanga wamkazi, yemwe ali Fomu 3, imachokera m'khola momwemo.

Milungu iwiri yapitayo nkhumba za alamu anga, akulu awo a bambo a kunyumba, zinayamba kudwala. Ndinakaziona nditaima chapatali. Zinali zitagona mounjikana pakona, madeya ali chikhalire m'chodyera, makutu ndi kumimba kuli psuu ngati zathiridwa madzi otentha. Ina itayesa kudzuka, miyendo yakumbuyo inkangodzandira ngati munthu wochokera ku kachasu. Pasanathe mlungu zinayi zinali zitafa.

Ine ndinadziwiratu kuti n'chigodola, chifukwa alangizi a ziweto anatiphunzitsa kugulu lathu la amayi. Anati matendawa alibe mankhwala, ndipo kuno kulibe katemera wake. Bola chitopa, timadontheza katemera wa I-2 m'diso miyezi inayi iliyonse nkhuku n'kupulumuka. Chigodola ayi, chako n'kuchitsekera kunja basi. Kachilombo kake kamayenda m'magazi, m'nyama, pansapato, ngakhale pamatayala a njinga, ndipo m'nyama yofutsa kamakhala miyezi kali moyo. Anatchulanso nkhufi zimene zimabisala m'ming'alu ya makola a dothi, kuti zimasunga matendawa kwa zaka. N'chifukwa chake yakufa imayenera kukwiriridwa m'dzenje lakuya kapena kutenthedwa, ndipo a vetenale adziwe tsiku lomwelo.

Alamu sanakwirire ngakhale imodzi. Zakufazo anaziwawula usiku, zotsala akuzipha imodziimodzi zisanafe zokha. Nyama ikupita kwa otcha kanyenya pamsika, mang'ina kumalo omwera mowa. Ina akutenga mavenda obwera panjinga zamoto mbandakucha, opanda chikalata cha a vetenale, n'kumadzera njira za m'minda kuzemba rodibuloko. Alamuwo akuti poti munthu sadwala nayo, vuto lili pati? Zoti munthu satenga chigodola n'zoona ndithu. Koma wogulayo akafika kwawo atsuka nyamayo, madzi ake akhuthulira kuseri kumene nkhumba zake zimafukula.

Zimenezi zandichitikira ineyo. Lachiwiri apongozi anatuma mwana ndi mbale ya nyamayo, yovindikira ndi kansalu. Ine ndinali kudimba. Pobwera ndinapeza bambo alandira, ndiwo zili pamoto, ndipo kamnyamata kanga katsukira mbaleyo pafupi ndi khola, pamene timatsukira masiku onse. Miyendo inandizizira. Ndinapalira dothi lapamalopo n'kukalikwirira kudzala, ndinathirapo madzi a klorini, ndipo pakhomo la khola ndinaikapo beseni loviikamo mapazi. Wolowa m'khola tsopano ndine ndekha, nsapato zake n'zosiyana ndi zoyendera. Usiku ndimadzuka ndi tochi kukaunika makutu a nkhumba imodziimodzi. Mpaka lero zikudya bwino, koma alangizi ankati matendawa amatha kubisala milungu iwiri kapena kuposerapo asanaonekere.

Bambo akufuna tigulitse zonse kwa mavenda omwewo, ngakhale akupereka theka la mtengo. Akuti bola theka kusiyana n'kukwirira ndalama m'dzenje. Sindingawanene kuti akulankhula zopusa, pakuti zikafa zonse a banki m'khonde adzabwera kudzasasula malata. Koma mtima wanga ukukana. Ngati zatenga kale, ndiye kuti ndikutumiza maliro kukhola la mayi wina wa ngongole ngati ine. Nditangotchula zouza alangizi, bambo anandiyankha kuti boma likaletsa malonda a nkhumba dera lonse, chala chidzaloza ine, ndipo ndikatero ndiyambiretu kulongedza.

Chikundiopsa kwambiri n'china. Makola atatu oyandikana nafe atha psiti, langa lokha ndi limene latsala. Alamu ayamba kale kulankhula mokuluwika kuti nkhumba zawo sizinafe ndi matenda wamba, pali wina wansanje. Dzulo kumjigo amayi anangoti zii nditafika. Zawo zimayendayenda m'mudzi kudya zapadzala, zanga sizituluka m'khola, koma ndani angamve zimenezo kwa mtengwa? Kwa amfumu sindingapite, ndi malume awo, ndipo mwendo wathunthu wa nkhumba unapita kumeneko.

Ndithandizeni, Aphungu. Kodi pali njira yodziwitsira a vetenale popanda dzina langa kumveka? Nanga akabwera n'kulamula kuti nkhumba za m'mudzi ziphedwe, zanga zimene sizikudwala ziphedwanso, ndipo pamakhala kachipukuta misozi? Ndikagulitsa nkhumba zooneka zamoyo ndikudziwa zimene zinachitika Lachiwiri lija, ndili ndi mlandu? Ndidikire masiku angati kuti mtima ukhale pansi pa yabere ija? Mundiuzenso mawu amene ndingawauze apongozi kuti asatumizenso nyama, osaoneka wamwano, chifukwa mbale yawo ndikadali nayo ndipo mwambo sulola kuibweza yopanda kanthu.

Chonde musachedwe kuyankha. Mavenda anena kuti abweranso Loweruka, ndipo bambo awauza kale kuti adzere kwathu.

Ine mayi wosowa tulo,
Mchinji