Ndikufuna kutsegulanso shopu yanga ya zitsulo, koma tsopano ndimakhala ndekha

Alangizi,

Ndine bambo wachikulire, mmisiri wa zitsulo. Mayi a kunyumba atatisiya ndinatseka shopu imene inali pakhomo, kenako ndinasamukira m'nyumba yocheperapo, ndipo pakati apa ndinachitidwa opaleshoni ya msana. Zipangizo zakhala m'mabokosi zaka zingapo. Zoti ndiyambiranso ntchito ndinatsimikiza kale mumtima. Chimene ndikupempha n'choti muone dongosolo langali, mundiuze pamene pakuperewera, ndiponso mundithandize pa mfundo zimene zandiimitsa mutu.

Chipinda chimene ndili nacho ndi cha mamita 3 m'lifupi ndi 4 m'litali, pansi pake ndi pa simenti, zenera ndi limodzi, chitseko chimodzi, ndipo khoma lina ndi lomwelo la chipinda chogona. Zipangizo zimene ndili nazo ndi lathe (makina osemera zitsulo) yolemera makilogalamu pafupifupi 400, makina owotcherera a inverter a ma amp 160, grinder yaing'ono ya mamilimita 115 ndi yaikulu ya 230, grinder ya patebulo yonolera, makina oboolera oimirira, vayisi, ndi masilinda awiri, ya oxygen ndi ya acetylene.

Ndinayamba ndi kuona zimene zawonongeka pokhalitsa. Dzimbiri pa masipanala ndi nyundo si nkhani, zimenezo ndi kuviika m'viniga usiku umodzi, kutsuka ndi madzi a soda kuti asidi athe mphamvu, kuumitsa msanga n'kupaka oyilo. Pamene ndasamala kwambiri ndi pa njanji za lathe, pamene chosemera chimatsetsereka. Pamenepo sandpaper sindiyandikizapo, chifukwa imadya chitsulo chabwino pamodzi ndi dzimbiri, ndipo njanji ikakumbika ngakhale pang'ono zonse zimene udzasemepo zidzatuluka zokhota. Ndikuthirapo palafini, kusiya kuti alowerere, kupala ndi lezala mogoneka, kenako kupukuta ndi oyilo. Ma disc onse odulira ndi opalira ndataya. Ambiri sadziwa kuti pa kachitsulo kapakati pa disc pamalembedwa tsiku lothera ntchito, kawirikawiri zaka zitatu kuchokera pamene anapangidwa, chifukwa guluu wogwira mchenga wakewo amafooka ndi chinyezi. Disc ya mamilimita 115 imazungulira koposa ka 10,000 pa mphindi, ikasweka zidutswa zake sizisankha pogwera. Mwala wa grinder ya patebulo ndinauchotsa, n'kuupachika pa chala, n'kuugogoda ndi chogwirira cha sikuludiraiva: wabwino umalira ngati belu, wang'alu umangoti phu. Pobwezera, mpata wa pakati pa mwala ndi potsamiritsa chitsulo usapitirire mamilimita 3.

Marodi owotcherera a mtundu wa 6013 amene sanasuwe khungu ndawaumitsa pa kutentha kochepa ndipo akuyaka bwino. A 7018 ndi ena: akamwa chinyezi amalowetsa hydrogen m'chowotchereracho, ming'alu n'kudzaoneka pambuyo, ntchito itapita kale kwa mwini wake. Kuti abwerere mwakale amafuna uvuni wofika madigiri 300 kapena kuposa, umene ine ndilibe, choncho amenewo ndingophunzitsira dzanja pa zidutswa. Mota ya lathe sindinailumikize ku magetsi mpaka wamagetsi adzaiyeze ndi megger ya ma volt 500, chida choyezera ngati zokutira mawaya zidakali bwino. Ikaonetsa pansi pa megohm imodzi ndiye kuti mawaya a mkati anyowa, ndipo kuiyatsa choncho n'kuiwotcha.

Tsono vuto loyamba ndi magetsi. Masoketi a m'chipindamo ali pa waya wa 2.5 mm² ndi breaker ya ma amp 20, pamzere umodzi ndi zinthu zina za m'nyumba. Rodi ya mamilimita 3.2 imafuna ma amp 110 mpaka 120 powotcherera, ndipo pa mphamvu imeneyo inverter wamba imatha kukoka ma amp opitirira 20 pa ma volt 230. Ndiye kuti breaker izingogwa, ndipo woisintha n'kuika yaikulu osasintha waya wasandutsa wayayo kukhala fyuzi yobisika m'khoma. Maganizo anga ndi kukoka mzere wapadera kuchokera pa bokosi lalikulu, mtunda wa mamita 20, waya wa 4 mm², breaker ya ma amp 32 ya mtundu wa C, ndi RCD ya 30 mA, chida chozimitsa magetsi akayamba kuthawira pansi kapena mwa munthu. Powerengera, waya wa 4 mm² utaya ma volt osakwana 6 pa mtunda umenewo ndikamakoka ma amp 25, pamene wa 2.5 mm² ungataye 9. Ntchitoyi adzagwira ndi wamagetsi wa chiphaso, koma ndikufuna kudziwa choti ndimuuze. Kodi 4 mm² ikwana wayayo akadutsa m'paipi kudenga kumene kumatentha, kapena ndingopita pa 6 mm² kamodzi n'kamodzi?

Pamwamba pa izo, mota ya lathe ndi ya three phase (mawaya atatu a moto), ya 1.5 kW, pamene nyumba ino ili ndi single phase (waya umodzi wa moto). Njira ndikuziona ziwiri. Yoyamba ndi kuika VFD, chipangizo chosandutsa single phase kukhala three phase n'kumalamulira liwiro la mota. Kachitsulo ka pa mota kalembedwa 230/400 V, kutanthauza kuti ndingathe kusintha malumikizidwe kuchoka pa star kupita pa delta, mota n'kuyenda pa ma volt 230 amene VFD imatulutsa. Koma pakati pa VFD ndi mota sipayenera kukhala swichi iliyonse, choncho chogwirira chopititsa kutsogolo ndi kumbuyo chiyenera kulumikizidwanso ku mawaya ang'onoang'ono olamulira VFD. Komanso ma VFD ena amagwetsa RCD wamba chifukwa cha magetsi ochepa amene amathawira ku earth, ndipo mota ikamayenda pang'onopang'ono nthawi yaitali fani yake siiziziritsa mokwanira. Njira yachiwiri ndi kungoika mota ya single phase. Imeneyi ndi yosavuta, koma imanjenjemera kuposa inayo, zimene zimaoneka pa khungu la chitsulo chosemedwa, ndipo suingabweze m'mbuyo isanaime, chinthu chimene chimavuta podula mano a bawuti. Ine mtima uli pa VFD. Chimene ndikufunsa n'chakuti, kodi VFD ndi makina owotcherera zingakhale pa mzere umodzi popanda ina kusokoneza inzake, poti sindidzaziyatsa nthawi imodzi?

Vuto lachiwiri ndi malo, ndipo apa ndi pamene masamu akukana. Lathe ndi grinder sizikhalira limodzi. Fumbi la grinder ndi mchenga wolimba kuposa chitsulo, likatera pa njanji zopaka oyilo limasanduka phala lopalira, ndipo m'miyezi yochepa njanji imakumbika pafupi ndi chuck (chogwirira chitsulo chosemedwa) pamene ntchito yambiri imachitikira. Kale ndinali ndi zipinda ziwiri. Pano ndikuganiza zophimba lathe ndi lona yosagwira moto n'kumapalira panja. Kuwotchereranso ndikufuna kuzichitira panja, chifukwa mbaliwali za moto zimatha kuuluka mamita 10, ndipo zenera limodzi silingachotse utsi, makamaka wa chitsulo chokutidwa ndi zinc umene umagwetsa munthu m'malungo ndi kunjenjemera usiku wake. Koma panja pali maso a anthu oyandikana nawo ndi ana odutsa, amene kuwala kwa moto wowotcherera kungawapweteke asanadziwe n'komwe, pali phokoso, ndiponso pansi ponyowa nthawi ya mvula, pamene magetsi a pa chogwirira rodi, ngakhale usanayambe kuwotcherera, amakwana kukugwedeza. Zotchinga za malata za mamita awiri kutalika mbali zitatu, ndi kadenga pamwamba, zingakwane? Nanga tebulo lowotcherera ndiliike matayala kuti lizilowa m'nyumba madzulo, kapena likhale panja kwamuyaya?

Za gasi ndatsala pang'ono kuzisiya. Mapaipi achita ming'alu, ma flashback arrestor (zoletsa moto kubwerera m'mapaipi) ndi akale, ndipo masilinda anagonekedwa posamuka, pamene ya acetylene imayenera kuimirira chifukwa mkati mwake muli acetone amene amatha kutulukira ku regulator. Kusunga zimenezi kuseri kwa khoma limene ndimagona sindikuona nzeru yake. Ndibweza masilinda kwa eni ake. Ndingofunsa ngati tochi ya propane ingakwane kutenthetsa ndodo ya mamilimita 12 kuti ndipinde, popeza ndiyo ntchito yaikulu imene gasi ankandigwirira.

Lathe ikadzalowa, ndidzaikhazika ndi levulo ya amisiri a makina, osati ya omanga nyumba, n'kuyesa posema ndodo ya mamilimita 25 popanda kuigwiriziza kumchira. Mbali ziwiri zikasiyana kukula ndiye kuti bedi, thunthu la lathe pamene pali njanji, lapotoka, ndipo mankhwala ake ndi timalata topyapyala pansi pa phazi limodzi. Zimenezo ndikuzidziwa. Kuilowetsa ndi kumene kukufuna anthu, chifukwa lathe imalemera kumtunda ndi kumutu, imagwa chammbali mosachenjeza, ndipo lamba wonyamulira amadutsa pansi pa bedi, osati pa chuck kapena pa leadscrew, ndodo yaitali ya mano yoyendetsa chosemera.

Apa ndafika pa nkhani imene yandilembetsa kalatayi. Adokotala anandiletsa kunyamula choposa makilogalamu 10. Chuck ya mamilimita 200 yokha imapitirira pamenepo, ndipo imanyamulidwa utawerama, manja atatambasuka, momwe msana sufunira. Ndakonza zoika chain block pa mtanda wachitsulo pamwamba pa lathe, thabwa pa njanji posintha chuck, ndi kukweza tebulo kuti milomo ya vayisi ifike pa chigongono. Grinder ya mamilimita 230 ndiigulitsa, chifukwa disc ikapanika m'chitsulo imakankha ndi mphamvu imene msana wanga sungalimbane nayonso. Maso nawo asintha, choncho m'chipewa chowotcherera ndiikamo galasi lokulitsa kuseri kwa lakuda la nambala 10 kapena 11, ndipo ndisanagwire ntchito ya munthu ndiyamba ndawotcherera zidutswa za mamilimita 6, kuzipana pa vayisi n'kuzithyola kuti ndione ngati moto ukulowa mpaka mkati.

Koma kale m'nyumba munali munthu wina. Makina akangoti zii mwadzidzidzi kapena akamva phokoso lachilendo, ankatuluka kudzaona. Pano palibe. Lathe ikagwira dzanja la malaya siidikira, ndipo batani lozimitsira lili kumene dzanja logwidwalo silingafike. Malamulo akale ndikuwasunga: osavala magolovesi pa lathe kapena pa makina oboolera, malaya a manja aafupi, kiyi osasiyidwa pa chuck, zoseta kuzikoka ndi ngowe osati ndi zala. Ndikuwonjezera chozimitsira chopondedwa ndi phazi m'litali mwa lathe, maswichi oti magetsi akathima n'kubweranso makina asadziyatse okha, chozimitsira moto cha ufa pafupi ndi chitseko osati pakona, ndi kudikira ola lathunthu ndikamaliza kuwotcherera ndisanatseke, popeza moto wa m'nsanza za oyilo umayamba mobisa. Foni izikhala m'thumba la pachifuwa, osati patebulo.

Mwana wanga wamkazi akuti zonsezi sizikwana, ndigulitse lathe n'kutsala ndi tupa ndi vayisi. Sindinganene kuti akulakwa, chifukwa amene adzaimbiridwe foni tsiku loipa ndi iyeyo. Inenso sindingavomere kuti mmisiri akakhala yekha ndiye kuti manja ake atha ntchito. Ndaganizapo zotenga wachinyamata wofuna kuphunzira kuti azibwera masiku amene ndikuyatsa makina akuluakulu, iye n'kumanyamula zolemera, ine n'kumamuphunzitsa, koma m'chipinda cha mamita 3 ndi 4 munthu wachiwiri wosazolowera akhoza kukhalanso ngozi ina. Ndaganizanso zopangana ndi mwanayu kuti ndizimutumizira uthenga poyamba ndi pomaliza, ndipo nthawi ikapitirira osamva kanthu aziimbira woyandikana nane amene ali ndi kiyi.

Alangizi, mwa njira ziwirizi ndi iti imene ingamukhazike mtima pansi mwanayu popanda kumunamiza? Ndipo ngati chipinda chino ndi msana uno sizingasenze zonse ziwiri, kusema ndi kuwotcherera, mundiuze mosabisa chimene ndiyenera kusiya, ndisanalipire wamagetsi ndi anthu odzanyamula lathe.

Ine wanu,
Mmisiri wa zitsulo