Kalata kwa makolo potsekera teremu: makina a nsalu ndi moyo wa mabanja

Okondedwa makolo ndi nonse olera ana athu,

Pamene tikutsekera teremu ino, ndaona kuti ndi bwino ndikufotokozereni mutu umene watitengera nthawi yaitali pa phunziro la mbiri yakale, wonena za mmene makina anasinthira ntchito yopanga nsalu ku Britain m'zaka za m'ma 1700 ndi 1800, popeza ntchito ya pa tchuthi imene ana abwera nayo kunyumba yachokera pomwepo.

Tsiku loyamba mwana aliyense analandira thonje lodzaza dzanja kuti achotse njere ndi kupota ulusi pa kamtengo, ndipo belu likulira ambiri anali ndi ulusi wosakwana mkono, wonenepa pena, wodukaduka pena. Pamenepo anamvetsa okha chifukwa chimene woomba nsalu mmodzi ankafunira anthu angapo omupotera ulusi, omwe kawirikawiri anali mkazi wake ndi ana ake, onse akugwirira ntchito pakhomo. John Kay atapanga chipangizo chofulumizitsa kuomba mu 1733, ulusi unayamba kuperewera. Cha m'ma 1764 James Hargreaves anapanga makina opota pa timitengo 8 nthawi imodzi, ndipo mu 1771 Richard Arkwright anatsegula fakitale m'mudzi wa Cromford ku England imene makina ake ankayenda ndi mphamvu ya madzi.

Kwa ine, gawo lolemera la nkhaniyi ndi zimene zinagwera mabanja. Ntchito itachoka pakhomo n'kupita ku fakitale, nthawi yodzuka, yodya ndi yoweruka inayamba kulamulidwa ndi belu, ndipo anthu anakhamukira m'mizinda ngati Manchester, kumene ankapanikizana m'tinyumba tating'ono pakati pa utsi wa malasha. Eni mafakitale ankakonda kulemba ana chifukwa malipiro awo anali ochepa. Ang'onoang'ono ankakwawa pansi pa makina akuyenda kuti asese thonje logwa, okulirapo ankalumikiza ulusi woduka, kwa maola 12 kapena kuposa, akupuma fumbi la thonje. Oomba ndi manja nawonso anasauka makina oomba atafala. Kuyambira mu 1811 magulu a antchito otchedwa Luddites ankaphwanya makina usiku, ndipo mu 1812 boma linaika chilango cha imfa pa mlanduwo.

Tinachedwa kwambiri pa lamulo la mafakitale la mu 1833, ndipo monga mphunzitsi sindibisa kuti linandikhudza mtima. Lamuloli linaletsa kulemba ana osakwana zaka 9 m'mafakitale a thonje, linati a zaka 9 mpaka 13 asapitirire maola 9 patsiku, komanso kuti aziphunzira maola awiri tsiku lililonse. Koma oyendera mafakitale kuti aone ngati likutsatidwa analipo anayi okha. Mtsikana wina m'kalasi anafunsa ngati mwana wotopa chotero akanamva chilichonse pa maola awiriwo, ndipo anzake anakhala kaye chete.

Sitinawabisirenso ana mbali zina. Nsalu ya thonje inatsika mtengo, moti osauka anayamba kukhala ndi chovala chosinthira chosavuta kuchapa. Komabe thonje lambiri linkalimidwa ndi akapolo kum'mwera kwa United States, ndipo oomba aluso a ku India anataya msika wawo.

Pempho langa ndi lakuti pa tchuthi chino muthandize mwana wanu kusankha chovala chimodzi, awerenge kansalu kolembedwa kamene kali mkati mwake, aone dziko limene chinasokedwa ndi mtundu wa ulusi wake, kenaka alembe tsamba limodzi lofotokoza manja ndi makina amene chovalacho chinadutsamo. Chonde musawalembere, ingowafunsani mafunso ndi kumvetsera mayankho awo. Aphunzitsi adzalandira ntchitoyi tsiku lotsegulira teremu ikubwerayi.

Ine wanu,
Mphunzitsi Wamkulu