Lipoti la msonkhano wa zaluso zamanja za ana aang'ono

A wapampando, a komiti, makolo ndi alezi anzanga nonse, ndabwerako kumsonkhano kumene munandituma, ndipo ndikuthokoza pondikhulupirira. Munandipatsira funso limodzi: kodi ana athu a zaka ziwiri mpaka zisanu tingamapange nawo chiyani ndi manja, osadikira zipangizo zogula? Yankho ndabwera nalo. Koma labwera ndi nkhani ina imene sitinafunse, ndipo ndikhalitsa pa imeneyo chifukwa ikukhudza ifeyo akuluakulu kuposa anawo.

Tinasonkhana alezi a m'magulu osiyanasiyana, aphunzitsi a ana aang'ono ndi makolo ena amene anabwera ndi ana awo. Zolankhula zinali zochepa. Nthawi yambiri tinathera pansi, manja ali mbuu ndi ufa.

Mayi amene ankatsogolera maphunzirowo anayamba n'kutionetsa ntchito za ana zimene anapachika pakhoma. Mbali ina kunali mbalame zamapepala zokongola, zonse zofanana: mlomo pamalo pake, diso pamalo pake, mapiko olingana. Mbali inayo kunali mapepala okhwatchakhwatcha, ena onyowa ndi guluu mpaka kupindika, ena atamatidwa tizigamba pakona imodzi yokha. Anatifunsa kuti, "Mwa ziwirizi, zimene apanga ana ndi ziti?" M'chipindamo munangoti zii. Tonse tinadziwa kuti mbalame zija anadula ndi mlezi usiku, ndipo mwana anangouzidwa poti amate. Mfundo yaikulu ya msonkhano wonse inali imeneyi: pa ntchito yamanja, dzanja logwira likhale la mwana. Kumupangira kuli ngati kunyamula mwana amene akuphunzira kuyenda. Afika msanga ndithu, koma miyendo yake siilimba.

Kukhwatchakhwatcha kumene timakuona ngati kuwononga mapepala kuli ndi dongosolo lake. Mphunzitsi wina wa ku San Francisco, Rhoda Kellogg, anasonkhanitsa zojambula za ana pafupifupi miliyoni imodzi zochokera m'mayiko ambiri, ndipo anapeza mitundu 20 ya mizere imene ana amayambira: timadontho, mizere yoima, yogona, yokhotakhota, yozungulira ndi ina yotero. Mwana amayamba ndi mkono wonse kuchokera paphewa, kenako chigongono, ndipo zala zimabwera pomaliza. Ana ambiri akamafika zaka zitatu amatha kukopera chozungulira, zaka zinayi mtanda, ndipo cha makona atatu chimadikira mpaka cha m'ma zaka zisanu. Munthu woyamba amene mwana amajambula amakhala mutu waukulu wokhala ndi miyendo, wopanda thunthu. Sanalakwitse, ndipo sitiyenera kumuwonjezera mimba ndi khosi. Zala zimene zikulimba pamenepo ndi zomwe mawa zidzagwire pensulo ndi kumanga mabatani. Izitu si zachilendo: Friedrich Froebel, amene mu 1840 anatcha sukulu yake ya ana aang'ono ku Germany dzina loti Kindergarten, ankapatsa ana mapepala oti apinde ndi kuluka, komanso dongo loti aumbe.

Chimene chinandikhudza kwambiri ndinachiona ndi maso. Kamtsikana kena ka zaka ngati zitatu kanapatsidwa penti wa mitundu iwiri yokha, wabuluu ndi wachikasu. Kanapaka wachikasu, n'kuviika burashi yomweyo mu wabuluu osatsuka. Mayi ake anatambasula dzanja kuti akaletse, koma wotsogolera uja anawagwira pamkono mofatsa. Mitundu ija itakumana papepala panatuluka wobiriwira. Mwanayo anaima chilili, kuyang'ana pepala, kuyang'ana burashi, kenako anabwerezanso pakona ina kuti aone ngati zichitikenso. Zitachitika anakuwa kuitana amake. Palibe anamuuza kuti mitundu iwiriyi imabala wachitatu, ndipo ndikukhulupirira kuti sadzaiwala.

Tinaphunziranso kalankhulidwe. Funso loti "Ichi n'chiyani?" limamuuza mwana kuti chinthu chake sichikudziwika, pamene "Chakongola!" wongoponya uku tikuyang'ana kwina amamuzoloweretsa kupangira kusangalatsa ife. Ndi bwino kunena zimene tikuona, monga "Apa wazungulizazunguliza kwambiri, ndipo apa wasiya poyera," kapena kungoti "Tandiuza za chimene wapangachi." Zimene angayankhe tizilemba kuseri kwa pepala pamodzi ndi dzina lake ndi tsiku. Pakatha miyezi ingapo mapepala amenewo amasonyeza okha mmene mwana wakulira.

Tsopano zipangizo. Choumbira chosavuta ndi cha makapu 2 a ufa watirigu, kapu 1 ya mchere ndi kapu 1 ya madzi. Madziwo muzithira pang'onopang'ono uku mukukanya mpaka chisiye kumata m'manja. Chikasungidwa m'chidebe chotseka chimakhala masiku angapo, ndipo zoumbidwazo zikasiyidwa pamphepo zimauma n'kulimba moti zikhoza kupentedwa. Komwe kuli dongo labwino, palibe cholowa m'malo mwake. Guluu timaphika: muyezo umodzi wa ufa watirigu, miyezo inayi kapena isanu ya madzi, kutakasa pamoto wochepa mpaka alimbe, n'kumusiya azizire. Ameneyu sachedwa kuchita nkhungu, choncho tiziphika wokwanira tsikulo ndi mawa lake basi. Penti amapangika ndi dothi losefa la mitundu yosiyana kapena makala opera, kusakaniza ndi madzi ndi guluu pang'ono kuti asayoyoke akauma. Burashi ndi kamtengo komanga kansanza kunsonga, kapena kachidutswa ka siponji.

Zochita nazo zinali zambiri, ndingotchulako. Kudinda ndi zotsekera mabotolo zikuluzikulu, masamba, ngakhale chikhatho. Kuika tsamba pansi pa pepala n'kukhula pamwamba ndi khrayoni yogoneka mpaka mitsempha ya tsambalo ionekere, chimene ngakhale ife akulu tinachita nacho chidwi. Zidole za masokosi akale. Nyumba ndi magalimoto a makatoni. Kwa a zaka zisanu, kuluka ulusi kapena timizere ta nsalu pa katoni yocheka mano m'mbali. Kwa a zaka ziwiri, kung'amba nyuzipepala ndi kumata n'kokwanira, ndipo kung'ambako ndiye poyambira asanagwire sizasi.

Pa za chitetezo ndikupempha kuti pasakhale kunyengerera. Mwana wosakwana zaka zitatu amaika chilichonse mkamwa. Opanga zidole amayesa tizinthu ndi kachubu kotakata masentimita pafupifupi 3.2, ndipo chimene chalowamo chonse chingathe kutsamwitsa mwana. Ife tingagwiritse ntchito kachubu kakatoni ka m'kati mwa pepala la kuchimbudzi, kamene n'kokulirapo pang'ono: cholowamo chisaperekedwe kwa ana ang'onoang'onowo. Ndiye kuti mikanda, mabatani ndi timiyala ndi za okulirapo, nawonso wamkulu ali pomwepo. Mabaluni osapopa kapena ophulika, timaginito ndi timabatire tozungulira ta muwotchi zisapezeke n'komwe m'bokosi lathu. Kabatire kotere kakamezedwa kamawotcha kummero m'maola ochepa, ndipo mwana ayenera kuthamangira naye kuchipatala nthawi yomweyo. Zigubu zimene munali mankhwala, zitini zakuthwa m'mphepete, majumbo apulasitiki, zingwe zazitali ndi penti wotsala wa nyumba, amene wina amakhala ndi mtovu, tizikane ngakhale wopereka atapereka ndi mtima wabwino. Choumbira cha mchere chija n'choopsa mwana akadya chambiri, komanso ufa wosaphika ukhoza kukhala ndi tizilombo, choncho kusamba m'manja tisanayambe ndi tikamaliza kukhale lamulo.

Sikuti tinagwirizana pa zonse. Mlezi wina anadandaula kuti mwana akapita kunyumba ndi pepala lokhwatchakhwatcha, makolo amati kusukuluko ana akungosewera. Ambiri anavomereza, ndipo nanenso ndikudziwa kuti dandaulo limeneli ndi lenileni. Wina anakumbutsa kuti Pangano la United Nations la Ufulu wa Ana la mu 1989, m'ndime 31, limatchula kusewera ndi kutenga nawo mbali pa zaluso ngati ufulu wa mwana. N'zoona, koma kholo silikhutira ndi ndime ya pangano. Limakhutira likakhala pansi ndi mwana wake n'kuona zimene ndinaona kwa kamtsikana kaja.

Kumene ndinasiyana maganizo ndi ena n'kwakuti iwo ankati wamkulu asaonetse mwana chilichonse, angoika zipangizo n'kukhala patali. Ine ndikuona kuti pamenepo apitirira. Kagwiridwe ka sizasi, chala chachikulu chili m'mwamba, mwana sangakatulukire yekha msanga. Kuti guluu wochepa amagwira bwino kuposa wambiri, kuti dongo lolumikiza limafuna kunyowetsa, izi n'zofunika kuonetsa, kamodzi kapena kawiri, papepala lathulathu osati pa lake. Luso la chipangizo tiphunzitse, koma choti apange asankhe yekha. Mwana wamanzere tisamukakamize kusintha dzanja, timupezere sizasi yake.

Panalinso nkhani ya kuchuluka kwa ana, imene ife ikutikhudza. Njira imene ndinaiona ikutheka ndi ya timagulu ta ana anayi kapena asanu patebulo la zaluso, ena ali ku masewera ena, n'kumasinthana. Wa zaka ziwiri akhoza kutopa pakangotha mphindi zochepa, ndipo akati wamaliza ndiye kuti wamaliza. Kupukuta tebulo ndi kutsuka maburashi achite ndi anawo, chifukwa amakukonda ndipo ndi gawo la phunzirolo.

Zimene ndikupempha komiti kuti ikambirane ndi izi. Tikhale ndi bokosi limene makolo aziponyamo makatoni, nyuzipepala, zigamba, masokosi ndi malaya akale oti ana azivala pamwamba popenta, ndipo pasankhidwe munthu mmodzi woona chilichonse chisanafike kwa ana. Zogula zikhale ziwiri zokha pakadali pano: masizasi a ana obuntha kunsonga, kuphatikizapo amanzere, ndi makhrayoni onenepa. Timange chingwe chopachikapo ntchito za ana pamsinkhu wa maso awo, ndipo tizipachika za aliyense, osasankha zooneka bwino. Tikonzenso tsiku loti makolo adzapange zinthu limodzi ndi ana awo. A wapampando mukandilola, pamsonkhano wathu wotsatira ndidzatenge theka la ola kuti alezi tonse tidzakanye choumbira ndi kuphika guluu limodzi. Aliyense adzabwere ndi kapu, sipuni ndi chovala chimene sangadandaule chitada.