Lipoti la msonkhano wa ku Salima pa zovuta za misonkhano ya pakanema

A Wapampando, akuluakulu a komiti ndi alembi nonse a makopaletivi athu kuno ku Nkhotakota, munandituma ku Senga Bay, m'boma la Salima, kukamva za misonkhano ya pa intaneti imene timachita ndi ogula mpunga komanso mabungwe otithandiza a ku Lilongwe. Kunabwera alembi ndi asungichuma a ku Dwangwa, Benga, Chipoka ndi a ku Salima komweko, ndipo otiphunzitsa anali akatswiri a makompyuta.

Funso limene munandipatsira linali lakuti tiwonjezere ndalama za bandulo kapena tisinthe kampani ya netiweki. Ine ndabwerako ndi maganizo akuti zonse ziwirizi ziyambe zaima. Tazolowera kunena kuti netiweki yavuta chithunzi chikangouma, koma nthawi zambiri wolakwa amakhala makina ali patebulo pathu pomwepo.

Anatisonyeza motere. Tonse tinalumikiza malaputopu athu ku intaneti imodzi, m'chipinda chimodzi, n'kulowa msonkhano umodzi. Makina atsopano anayenda bwinobwino. Akale aja, amene ambirife tinagula pakaunjika kapena tinasiyiridwa ndi mapulojekiti otha, anayamba kulira fani, mawu kumadukaduka, ena kuhang'iratu. Chifukwa chake n'chakuti pamsonkhano wa pakanema kompyuta imagwira ntchito yaikulu: imapanikiza chithunzi chako kuti chitumizidwe, kwinaku ikumasula zithunzi za anthu onse amene ayatsa makamera. Laputopu ya RAM (malo amene kompyuta imasungamo zimene ikugwira panthawiyo) ya 4GB, itatsegulanso Excel ndi Chrome, imathedwa mphamvu. Ikatentha, purosesa imadzichepetsera yokha liwiro kuti isapse, ndiye ganizirani za ofesi yathu ya malata masana a mwezi wa Okutobala. Kabatani kaja ka mu pulogalamu ya msonkhano kobisa zakumbuyo kuti anthu asaone matumba a mpunga nakonso kamalemetsa makina kwambiri. Tikazimitse, matumbawo si ochititsa manyazi.

Pa nkhani ya Windows tinakhalapo nthawi yaitali. Microsoft inasiya kusamalira Windows 7 mu Januwale 2020, ndipo Chrome inasiya kutulutsa zatsopano za makina amenewa kumayambiriro kwa 2023. Teams yatsopano, pulogalamu ya Microsoft ya misonkhano ya pakanema, siyilowa n'komwe pa Windows 7. Windows 10, imene ili pa laputopu ya alembi athu, chisamaliro chake chanthawi zonse chinatha pa 14 Okutobala 2025. Sikuti makinawo azima, koma pang'ono ndi pang'ono mapulogalamu adzayamba kuwakana, ndipo ife timasungamo kaundula wa mamembala ndi ngongole zawo. Kukwera kupita pa Windows 11 kumafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa yosakalamba kwambiri, zimene makina ambiri akale alibe. Amene ankadalira Skype adziwenso kuti inatsekedwa mu Meyi 2025.

Mnyamata wina wa ku Salima analimbikira kuti tonse tisamukire pa Ubuntu, mtundu wa Linux, yoyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows, poti ndi yaulere ndipo imapepukira makina akale. Sanali kunama. Zoom ili ndi pulogalamu yake ya Linux, ndipo Google Meet imayenda mu browser (pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti, monga Chrome) popanda kuika kalikonse. Koma Microsoft inasiya pulogalamu ya Teams ya Linux kumapeto kwa 2022, moti umalowera mu browser basi, monga Chrome kapena Edge. Palinso vuto lakuti ukafuna kuonetsa anzako sikirini yako, nthawi zina iwo amangoona mdima, chifukwa cha njira yatsopano yoonetsera zithunzi yotchedwa Wayland. Mnyamata uja anakonza zimenezi mosavuta ife tikuonerera. Ine ndinamufunsa kuti zikachitika pa boma pano, ogula mpunga akudikira mitengo, tidzaitana ndani? Kompyuta yotayipira makalata tikhoza kuyeserapo Ubuntu, koma ya misonkhano ayi.

Za Mac, makompyuta a kampani ya Apple, sitinachedwepo, poti amakhala nawo ndi anzathu a ku Lilongwe. Akamalephera kutionetsa sikirini, nthawi zambiri amakhala kuti sanapereke chilolezo ku pulogalamuyo m'makonzedwe a makina awo, choncho tisamadziimbe mlandu ife.

Mafoni a Android, ma itel ndi ma Tecno athuwa, amatipulumutsa magetsi akazima, ndipo pomvera mawu amakwanira. Chovuta n'chakuti tebulo la bajeti silingawerengeke pa kasikirini kakang'ono, foni imatentha, ndipo wina akangokuimbira msonkhano umasokonekera. Phokoso lobwerezabwereza mawu lija, limene tinkati ndi netiweki, limadza anthu awiri akalowa msonkhano umodzi ali m'chipinda chimodzi onse atatsegula maikolofoni. Wolankhula yekha ndiye atsegule.

Pa za bandulo, kusiyana kwake n'kwakukulu. Zoom imanena yokha kuti mawu okha amafuna ma kilobit 60 mpaka 80 pa sekondi, ndiye pa ola sizifika ngakhale ma MB 100. Kanema wa gulu amadya ma MB mazanamazana pa ola lomwelo. Zoom yaulere imadula pa mphindi 40, pamene Meet yaulere imadula pa mphindi 60 mukakhala atatu kapena kuposerapo. A Wapampando mundikhululukire, koma pemphero, malonje ndi kudikirana zimatha kutidyera theka la mphindi 40 zimenezo. WhatsApp imalola anthu mpaka 32 pakuimba kwa gulu, ndipo pa zokambirana za alembi tokhatokha ndi yokwanira.

Pamene panali mkangano ndi pa funso la amene amasankha pulogalamu. Amasankha ndi woitana msonkhano, ndipo woitanayo amakhala mu ofesi ya intaneti yamphamvu ndi makina atsopano. Ena ankaopa kuti tikadandaula tioneka otsalira. Amayi ena a ku Chipoka anati wogula amene akufuna mpunga wako sangakane kuzimitsa kamera, ndipo ambiri tinagwirizana nawo. Tinamvana kuti gulu lililonse lilembere abwenzi ake kupempha kuti zikalata azitumiza pa WhatsApp kapena imelo tsiku la msonkhano lisanafike, makamera azizimitsidwa malonje akatha, ndipo linki izikhala yotheka kutsegula mu browser.

Ndikupempha komiti kuti ndalama zimene tinkafuna kuwonjezera pa bandulo zipite pokonza laputopu imodzi yoti ikhale ya misonkhano yokha. Tiyambe taiyeza ya alembi ndi pulogalamu yaulere ya PC Health Check kuti tione ngati ingalandire Windows 11. Ikavomera, tiikemo RAM ya 8GB, SSD (chosungira mafayilo chothamanga) ndi batire latsopano, tigulenso sipika yokhala ndi maikolofoni. Ikakana, tisatayirepo ndalama, tifune ina. A Msungichuma atenge mitengo m'mashopu a ku Salima ndi ku Lilongwe, ndipo kalata yopita kwa abwenzi athu ndidzabwera nayo pa msonkhano wa komiti ukubwerawu kuti muione musanasainire.